FUNSANI AMAKANIKO: Pikapu yakhala pansi kumbuyo, kodi tiwonjezere ma leaf?

Mwezi uno mafunso ambiri abwera kuchokera kwa eni mapikapu, ndipo sizodabwitsa, chimanga chili m'matumba, fodya akupita ku okushoni ku Kanengo, omanga nawo akuthamangitsana ndi nyengo mvula isanabwerenso, nde galimoto iliyonse yokhala ndi bodi kumbuyo ikugwira ntchito usana ndi usiku. Ndasankhapo angapo, ena ndawafupikitsa kuti malo akwane.

FUNSO: Amakaniko, ine ndili ndi Hilux single cab ya dizilo, ndi yakale ndithu koma injini yake ili bhobho. Ndimapanga hayala, kwambiri simenti kuchoka m'tauni kupita kuma saiti ku Area 49 ndi ku 25 konkuno, nthawi zina chimanga kuchoka ku Nsundwe. Ndimapakira matumba 30, bwana akakakamira mpaka 35, ndipo imakoka osadandaula. Koma pano kumbuyo kwakhala pansi olo ilibe katundu, pa hampu ndimangomva kuti gu! chitsulo kumenya chinzake. Anzanga pa renki akuti ndipite ku Biwi akandiwonjezere ma leaf awiri pa masipuling'i akumbuyo mbali iliyonse, akuti ikatero izinyamula olo 40. Ndipange zimenezi?
— Wahayala, Area 25

YANKHO: Achimwene, tiyambe tapanga masamu kaye musanalowere ku Biwi. Thumba la simenti ndi makilo 50. Matumba 30 ndi makilo 1,500, matumba 35 ndi 1,750, ndipo 40 akunena anzanuwo ndi matani awiri athunthu. Single cab ya mtundu wanuwo inapangidwa kuti izinyamula pafupifupi tani imodzi, ndipo mu tani imeneyo muli inuyo adalaivala, anyamata awiri opakira aja, zitsulo zomwe munawotcherera pa bodi, chigubu cha dizilo, zonsezo. Mukachotsera zimenezi simenti yoyenera ndi matumba 15 kapena 16, anyamata akatsala mwina 18. Ndikudziwa pa renki palibe amapakira choncho, koma nambala yake ndi imeneyo basi. Mukafuna ya galimoto yanu yeniyeni onani kachitsulo kapena kapepala kamene kamakhala pa felemu ya chitseko, zina kamakhala mu boneti, palembedwa GVM, kumeneko nde kulemera konse komwe galimoto ikuloledwa kufika itapakira. Chotsanipo kulemera kwa galimoto ili yopanda kanthu. Tiyerekeze GVM ndi 2,800 ndipo galimoto payokha ndi 1,800, zotsalazo 1,000 nde zanu.

Chimene chimanamiza anthu ndi injini. Ya dizilo mu giya wani imakoka chilichonse, nde munthu umangoti galimoto yavomera. Koma injini imangokoka, onyamula ali pansi uko, masipuling'i, ekiselo, ma bearing, matayala ndi chesisi, ndipo amenewa salira msanga.

Tagwadani kumbuyoko muone. Sipuling'i ndi zitsulo zafulati zosanjikizana, chilichonse chimatchedwa leaf, yaitali ya pamwamba ija ndi main leaf, ndi imene ili ndi maso awiri kumapeto momwe mumalowa mabushi, kutsogolo yagwira ku chesisi, kumbuyo yagwira pa shackle kuti izitha kutalika ikamawongoka. Pakati zonse zamangidwa ndi centre bolt, ma U-bolt nde amazimangirira ku ekiselo. Pansi penipeni pali leaf yaifupi yonenepa, pafupifupi yowongoka, imeneyo imadikira kuti katundu akalemera ithandizire. Galimoto yabwinobwino ikakhala yopanda kanthu masipuling'i amakhala opindikira m'mwamba kunsonga kwake, ndipo pakati pa nsonga za leaf yonenepayo ndi anzake pamaoneka mpata woti chala n'kulowa. Yanuyo ndikhulupirira mpatawo unatha kalekale, ma leaf anawongoka, mwina mpaka ayamba kupindikira pansi.

Chitsulo cha sipuling'i chili ndi malire ake. Mukachipinda pang'ono chimabwerera, mukapitiriza malire chimabwererabe koma osafika pomwe chinali, ndipo tiripi iliyonse ya ovalodi imadyako pang'ono. Palinso kutopa kwa chitsulo. Tengani waya muzimupinda uku ndi uku, sathyoka ulendo woyamba, koma pamapeto pake amangoduka m'manja popanda kulimbana naye. Leaf imathyokanso choncho, kamng'alu kamayamba pafupi ndi centre bolt kapena pa diso, n'kumakula mwakachetechete, tsiku lothyokalo mwina mudzakhala mwanyamula matumba 5 okha n'kumadabwa kuti chachitika n'chiyani.

Gu! mukumumvayo akuchokera apa: pa chesisi, pamwamba pa ekiselo, pali kamphira kolimba kotchedwa bump stop, ntchito yake ndi kuteteza ekiselo isamenye chesisi pa dzenje lalikulu, mwa apo ndi apo. Ndi matumba 35 galimoto imakhala yakhalira kale pa mphirayo musanailize n'komwe, kutanthauza kuti sipuling'i yasiya ntchito, dzenje lililonse la misewu ya fumbi ya kuma saitiyo likupita molunjika ku chesisi, ku ma bearing ndi ku matayala. Kayang'aneni mphirayo. Mukapeza yang'ambika, yaphwatalala, kapena inagwa kale kwangotsala chitsulo chonyezimira pomwe pakhala pakumenyedwa, umboni nde umenewo.

Tsopano za ma leaf owonjezera. Inde galimoto idzadzuka, idzaoneka bwino, ndipo 40 ija idzanyamuladi osakhala pansi, vuto lake lagona pomwepo. Kukhala pansi kuja ndi njira yomwe galimoto imakuuzirani kuti zakwana, mukawonjezera ma leaf mwangoitseka pakamwa koma ekiselo ndi yomweyo, ma bearing omwewo, mabuleki omwewo, chesisi yomweyo, nambala ya GVM ija siisintha olo muike ma leaf 10. Ekiselo ya pikapu ndi yosiyana ndi ya malole a matayala awiriawiri kumbuyo ngati Canter. Pa malole aja kulemera kumakhala pa nyumba ya ekiselo, shafti imangozunguza tayala, pomwe pa pikapu shafti yomweyo ikuzunguza tayala kwinaku ikunyamulanso katundu, pa bearing ya mbali iliyonse. Bearing imeneyo ikayamba kutha imalira kuti huuu mukamathamanga, oyilo wa difu amayamba kudontha kulowa mu dilamu ya buleki, ndipo mukaumirira tayala likhoza kusololoka ndi shafti yake yomwe galimoto ili pa sipidi. Taganizani zichitike pa M1 pakati pa Kanengo ndi Lumbadzi pomwe m'mbali muli akabaza ndi ana asukulu, zimenezi zimathera ku maliro.

Palinso kanthu kena komwe owonjezera ma leaf ambiri saganizako. Mapikapu ambiri akale opanda ABS, makina aja oletsa matayala kukhukhuluzika mukaponda buleki mwamphamvu, ali ndi kavavu ka mabuleki kumbuyo, kamangidwa pa chesisi ndipo kali ndi kandodo kachitsulo kopita ku ekiselo. Galimoto ikatsika ndi katundu kandodo kaja kamatsegula vavu kuti mabuleki akumbuyo agwire kwambiri, ikakhala yopanda kanthu kamachepetsa kuti matayala asamakhukhuluzike. Nde mukalimbitsa masipuling'i galimoto n'kusiya kutsika, vavu ija imangoona ngati mulibe katundu pomwe mwasenza matani awiri, mabuleki akumbuyo akugwira mwaulesi ntchito yonse yagwera akutsogolo, potsetsereka mudzangomva fungo la ma pad akupsa. Aliyense amene wasintha msinkhu wa kumbuyo auze makaniko aisetenso vavuyo.

Malangizo anga ndi awa. Gulani masipuling'i ena athunthu mbali zonse ziwiri, osati mbali imodzi, pamodzi ndi mabushi, ma bump stop ndi ma U-bolt atsopano chifukwa akalewo anatamuka kale samanganso bwino. Mukayenda nayo ndi katundu masiku angapo bwererani akamangenso ma U-bolt, amakhwefuka zinthu zikakhazikika. Ngati galimoto imakhala ndi tani yake tsiku ndi tsiku, masipuling'i a heavy duty opangidwira galimoto yomweyo kapena leaf imodzi yowonjezera yoyezedwa bwino sindikukana, zimathandiza kuti tani imodziyo izinyamulidwa mosagunda pansi, koma zikhale zonyamulira tani yomweyo, ndipo dziwani kuti ikakhala yopanda kanthu izidumpha komanso pa msewu wonyowa kumbuyo kuziterera msanga. Bwana wa matumba 35 uja muuzeni matiripi awiri, mtengo wake ukhalenso wa matiripi awiri, akakana mulozereni pomwe pamaima ma 3 tani. Ndikudziwa dizilo wadula ndipo mnzanu pa renki avomera pomwe inu mwakana, zimawawa ndithu, koma ndalama ya hayala imodzi siigula difu.

FUNSO: Zikomo amakaniko chifukwa cha tsamba lino. Ine ndi mayi wa geni, ndimapikula mbatatesi ndi kabichi ku Lizulu n'kumagulitsa ku Wakawaka. Tili ndi double cab, amayendetsa mwana wa achemwali anga. Sitipakira zambiri poti bodi yake ndi yaing'ono, timangotsegula chitseko cha kumbuyo matumba ena n'kukhala pamenepo titamanga ndi chingwe. Mnyamatayu akuti ikalemedwa chiwongolero chimapepuka, ndipo usiku magalimoto onse amatifulashira malaiti pomwe ife tili pa dimu. Chavuta n'chiyani?
— Mayi wa geni, Area 36

YANKHO: Amayi mwachita bwino kufunsa, paja safunsa anadya phula, ndipo mnyamatayo akunena zoona mumumvere. Pa double cab mipando yakumbuyo inadya malo nde bodi inakankhidwira kumbuyo, gawo lalikulu la bodiyo lili pamwamba pa ekiselo ndi kuseri kwake. Katundu aliyense amene ali kuseri kwa matayala akumbuyo amakanikiza kumbuyo kwinaku akunyamula kutsogolo, ndipo akamatalikira kunsonga mphamvu yake imakulirakulira. Thumba lomwe lakhala pa chitseko chotsegula lija, ekiselo ya kumbuyo ikumva makilo oposa a thumbalo, chifukwa ikulandiranso kulemera komwe kwachoka kutsogolo. Matayala akutsogolo ndi amene amakhota komanso amene amagwira mabuleki kwambiri, akapepuka galimoto imafuna kupitirira pa kona, makamaka kukagwa kamvula m'mapiri a Dedza muja. Malaiti akuloza m'mwamba chifukwa mphuno yadzuka, anzanu akuthobwa m'maso, mnyamata wanunso msewu sakuuona bwino.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri pa double cab ndi chesisi. Imapindika chapakati pa kebu ndi bodi, ndipo nthawi zambiri zimachitika kamodzi n'kamodzi, hampu imodzi kapena dzenje limodzi pa sipidi katundu ali kunsonga basi zatheka. Mawa kukacha imikani galimoto pamalo a fulati ilibe kanthu, muime chapatali m'mbali muyang'ane mpata womwe uli pakati pa kebu ndi bodi. Mukaona m'mwamba mwayasamula kuposa mmene zinalili, bodi ikuoneka ngati yagwera chagada, chesisi yayamba kugonja, musapakirenso mpaka aione odziwa.

Za kuti simupakira zambiri, amayi, maso amanama. Matumba a mbatatesi osokerera mutu pamwamba aja musamawawerenge ngati a makilo 50, amapitirira kutali, kayezeni limodzi pa sikelo ya ogula mbewu mudzionere nokha. Double cab payokha ndi yolemera kale kuposa single cab nde imatsala ndi mpata wochepa, ndipo anthu 5 mkatimo ndi makilo 300 kapena kuposa omwe achoka kale pa katundu wanu. Zomwezi tsiku la maliro kapena chinkhoswe, akuluakulu 15 m'bodi akuyandikira tani, ndipo akaimirira galimoto imapendekera pa kona. Pakirani zolemera pansi, kutsogolo kwa bodi kutsamira kebu, mbali zonse mofanana, madengu ndi zopepuka zikhale kumbuyo, chitseko chitsekedwe. Katundu akachuluka sonkhanani ndi amayi anzanu muhayale lole imodzi, double cab izitenga zomwe ingathe.

FUNSO: Ndikumanga kanyumba ku Chinsapo, ndimabwereka pikapu ya alamu anga kututira mchenga ndi njerwa Loweruka. Ine sindiunjika mpaka m'mwamba ayi, ndimalekeza m'milomo mwa bodi, koma alamu akwiya akuti ndawawonongera galimoto. Akunena zoona kapena angotopa nane?
— Womanga, Chinsapo

YANKHO: Achimwene, alamu anu akunena zoona, kawapepeseni. Bodi ya single cab ndi pafupifupi mamita 2.3 m'litali, 1.5 m'lifupi, kuya kwake kuchepera pang'ono theka la mita, nde mukadzadza mpaka m'milomo mwalowa mchenga wokwana kiyubiki mita imodzi ndi theka. Mchenga wouma kiyubiki mita imodzi ndi makilo 1,500 kapena 1,600, wonyowa wongochoka kumene mu mtsinje umayandikira 2,000. Ndiye kuti mwakhala mukusenzetsa matani awiri ndi kanthu, mwina kuyandikira atatu, galimoto ya tani imodzi. Bodi anaipanga yaikulu choncho poganizira katundu wotenga malo koma wopepuka. Mchenga, kwale ndi dothi lekezani theka la bodi lisanakwane, kapena werengani mawilibala, wilibala yodzadza bwino ndi makilo 100 kapena kuposa nde 8 kapena 9 basi. Njerwa zimasiyana malinga ndi chikombole, ikani imodzi pa sikelo muchulukitse, ikakhala makilo 3 ndiye kuti njerwa 300 zakwana kale makilo 900 bodi isanafike ndi theka lomwe. Madzi a pa saiti masamu ake ndi osavuta, lita imodzi kilo imodzi, dilamu ya malita 200 ndi makilo 200 kuphatikizapo dilamuyo, thanki ya malita 1,000 ndi tani yathunthu, ndipo thanki yosadzadza ndi yoopsa chifukwa madzi amathamangira mbali imodzi pa kona ndi poima. Njira za ku Chinsapo mukuzidziwa nokha. Sipidi ikawirikiza kawiri mphamvu yomenyera pa dzenje imawirikiza pafupifupi kanayi, nde ndi katundu yendani modekha olo akuimbireni hutala.

FUNSO: Leaf imodzi inathyoka ndili ku Mitundu ndi mabelo a fodya, owotcherera pa trading anailumikiza ndinafika bwinobwino ku Kanengo. Mpaka pano ikuyenda. Ndiisiye choncho?
— Mlimi, Mitundu

YANKHO: Ayi bambo, isintheni sabata yomweino. Chitsulo cha sipuling'i chimaphikidwa mwapadera ku fakitale kuti chizipindika n'kubwerera, moto wowotcherera umapha zimenezo, pena pamauma pena pamafewa, ndipo imadzathyokanso pambali penipeni pa chilondacho. Owotcherera aja anakuthandizani kuti mufike, ntchito yawo inathera pomwepo. Ikakhala main leaf nde musayende n'komwe, chifukwa pa pikapu sipuling'i ndi imenenso imagwira ekiselo kuti ikhale pamalo pake. Main leaf ikaduka chakutsogolo ekiselo imasunthira m'mbuyo mbali imodzi, tayala limakakhula bodi, galimoto imakhota yokha, paipi ya buleki ikhoza kuduka. Zokhoma ma leaf ndi hamala kuti apindikenso zimadzutsa galimoto kwa kanthawi kenako imabwerera mwakale, zowawotcha ndi gasi nde kuwapheratu. Zina ndimaziona m'misewu ya kumudzi, munthu waika chidutswa cha tayala kapena thabwa pakati pa ekiselo ndi chesisi, kumeneko ndi kuchotseratu sipuling'i, kumenya konse kukupita ku chesisi. Poti imodzi inathyoka ndiye kuti anzakenso atopa, auzeni amasule zonse aone leaf iliyonse payokha, ndipo pomwe pakutuluka fumbi lofiira la dzimbiri pakati pa ma leaf pamakhala pakukhulana, mwina pakhwefuka mwina pali mng'alu. Belo la fodya limazungulira makilo 100, nde ulendo wina werengani mabelo, akapitirira 8 kapena 9 mwalowa kale ovalodi.

FUNSO: Ndinagula ma shock atsopano akumbuyo koma galimoto sinadzuke olo pang'ono. Andigulitsa feki eti?
— Wowerenga, Kawale

YANKHO: Mwina ayi achimwene. Shock sinyamula katundu, ntchito yake ndi kuletsa galimoto kuti isamangodumphadumpha sipuling'i ikagunda dzenje. Msinkhu umachokera ku masipuling'i, nde ngati yakhala pansi vuto lili kumeneko. Tengani tepi muyeze kuchoka pakati pa wilo kufika m'mphepete mwa bodi mbali zonse ziwiri, zikasiyana moonekeratu ndiye kuti mbali imodzi yatopa kwambiri kapena muli leaf yothyoka. Ndipo musachedwe, chifukwa galimoto yotsika imapha ma shock, amafika pamapeto n'kumamenyeka mkati, pa msewu wa mabampu oyilo wake amatentha, ma seal n'kutha, atsopanowo akhoza kupita pachabe. Shock yakufa imadziwika, imanyowa oyilo fumbi n'kumatirira, tayala limadyeka mabangamabanga, kumbuyo kumapitiriza kuvina mutadutsa kale hampu.

FUNSO: Matayala akumbuyo akungophulika, awiri mwezi umodzi, onse m'mbali. Ndimagula a kaunjika koma osadyeka kwenikweni. Ndimatuta chimanga ndi soya njira ya ku Kasiya. Ndi tsoka kapena?
— Wogula mbewu, Nsungwi

YANKHO: Tsoka ayi, werengani zolembedwa m'mbali mwa tayalalo. La katundu limakhala ndi C kumapeto kwa saizi kapena LT, mwachitsanzo 195R14C 106/104. Nambala 106 ikutanthauza makilo 950 pa tayala limodzi, ndipo ndi pokhapokha lili ndi mpweya wokwana womwe walembedwa pomwepo. Matayala awiri ndi makilo 1,900, mmenemo muli kale kulemera kwa kumbuyo kwa galimotoyo payokha, nde muone kuti chimanga chatsala ndi mpata wochepa bwanji. Tayala la galimoto yaing'ono la saizi yofananako lolembedwa 91 limanyamula makilo 615 basi, pa rimu limakwana bwinobwino, m'maso amafanana, koma mkati ndi osiyana kutali. Tayala lolemedwa kapena lochepa mpweya limaphwatalala m'mbali, likamazungulira m'mbalimo mumapindikapindika n'kutentha mpaka nsalu za mkati zimalekana, nde mukangokwera pa tala wotentha n'kuwonjezera sipidi, phuu! Pa kapepala ka pa chitseko pamakhala manambala awiri a mpweya, ya galimoto yopanda kanthu ndi ya katundu, popani m'mawa matayala asanatenthe. Akaunjikawo onaninso zaka, kumapeto kwa zilembo zoyamba ndi DOT kuli manambala anayi, 2319 ndiye kuti sabata ya 23 chaka cha 2019. Lopitirira zaka 6 ine sindingaliike kumbuyo kwa galimoto ya katundu olo lioneke bwino chotani.

FUNSO: Ndikufuna kugula pikapu yogwirapo kale ntchito, mwini wake akuti inkangopita ku ofesi. Ndingadziwe bwanji ngati inazunzika ndi katundu?
— Mphunzitsi, Likuni

YANKHO: Aphunzitsi, musayambire ku penti ndi wailesi, tengani tochi ndi katoni yogonera mulowe pansi. Werengani ma leaf ngati ali ofanana mbali zonse, mukapeza ina yonenepa kapena ya mtundu wosiyana ndi anzake ndiye kuti anawonjezera, ndipo wowonjezera leaf amakhala ankanyamula zolemera. Onani bump stop ndi pomwe imamenya. Onani chesisi pamwamba pa ekiselo komanso pomwe pagwira masipuling'i, ngati pali zigamba zowotcherera kapena penti yakuda yatsopano pamalo amodzi okha funsani chifukwa chake. Shackle ikagona chakumbuyo mpaka kufuna kutsamira chesisi masipuling'i anawongoka. Kuseri kwa matayala akumbuyo kusakhale konyowa oyilo. Kwerani m'bodi mupondeponde, yomwe inkatuta njerwa ndi kwale pansi pake pamakhala polowalowa pakati pa mitanda. Kenako wina aiyendetse molunjika inu muime kumbuyo muziyang'ana, ikamayenda chambali matayala akumbuyo osatsata momwe adutsa akutsogolo, ndiye kuti centre bolt inaduka ekiselo n'kusuntha, apo ayi chesisi inapindika. Masipuling'i, mabushi ndi ma shock ndi zosinthika, mungonenerera mtengo utsike. Koma chesisi yopindika kapena yowotcherera isiyeni olo mtengo ukome bwanji. COF, pepala lija limaperekedwa galimoto ikayezedwa, imangoonetsa kuti tsiku loyezalo galimoto inali yoyenera pa msewu, siinena zomwe yakhala ikunyamula, nde musanapereke ndalama pitani nayo kwa makaniko wanu, osati wa wogulitsayo, akaione kunsi konse pa pit.